Fomu Yobiriwira

Lolemba, pa kiliniki yathu ya ku Epworth,
galimoto inatula katoni ya mafomu obiriwira
ndi kalata ya masamba atatu:
aliyense wopulumuka namondwe kumapiri a kum'mawa
alandire mankhwala ulere, miyezi isanu ndi umodzi,
bola aonetse chitupa
ndi buku lake lakale la kuchipatala.
Sisita anawerenga mokweza, tinaomba m'manja,
ine ndinasongola pensulo.

Lachitatu anafika a Laitoni Chapola,
jekete la eni, nsapato zosiyana mitundu,
mdzukulu wawo Rutendo atawagwira pachigongono.
Zaka makumi anayi akucheka paini ku Chimanimani,
lero mapazi atupa ngati mtanda wofufuma.

Ndinafunsa m'Chishona, monga ndichitira pazenera ili:
Chitupa?
Anayang'ana mwanayo. Mwanayo anayang'ana pansi.
Nanga buku?
Anati chitini chosungiramo mapepala
chinatsetsereka limodzi ndi nyumba, mbuzi, ndi akazi awo
usiku womwe phiri linasanza miyala.
Ananena osakweza mawu,
ngati akundiuza mtengo wa tomato ku Mbare.

Mzere wachinayi: wokuchitirani umboni kwanu ndani?
Anati kapitawo wathu, koma akumufunabe ndi agalu.
Mzere wachisanu: m'nyumba mwanu mulimo angati?
Anatambasula zala mpaka zisanu ndi chimodzi,
kenaka nayamba kuzipinda
chimodzichimodzi, kubwerera m'mbuyo.
Pensulo yanga inadikira.
Kumbuyo kwawo mzere unali utafika pampopi wouma,
mayi wina akutsonya, khanda likulira.

Ndiye anang'ung'udza, osati kwa ine:
tiye mwanawe, tawatayitsa nthawi achimwenewa.

Chinenero cha amayi anga chimenecho,
chomwe ndinachisiya kuseri kwa chitseko ku Mufakose
chaka chomwe anzanga kusukulu anandifunsa
kuti basi yobwerera kwanu inyamuka liti.
Chinatuluka chokha, chadzimbiri ngati loko wakale:
Bambo, takhalani kaye pansi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Ndiwe wa kuti?
Ndinati wa konkuno. Anati inenso.

M'kabokosi ka manambala a chitupa
ndinalemba kuti chinapita ndi madzi.
Kabokosiko nkochepa,
mawu anasefukira pamzere wa m'munsi.

Sisita anawamanga lamba pamkono, napopa,
nayang'ana singano, napopanso.
Sanawerenge mzere uliwonse. Anangosaina,
nawerengera timapiritsi makumi atatu m'kapepala.

Potuluka Rutendo anabwerera yekha pazenera.
Ali mu giredi sikisi, amalankhula ngati mayi wa ana.
Akuti mvula ikangogunda malata
agogo amavala nsapato, nandidzutsa,
natenga chikwama changa cha kusukulu
nkuima pakhomo mpaka kucha.
Kodi pali mapiritsi ake?

Ndinatembenuza fomu. Kuseri kulibe kanthu.
Mlangizi amabwera kamodzi pamwezi,
Lachinayi loyamba, mafuta akapezeka.
Ndinamulembera tsikulo pakhungu la dzanja
poti mapepala, anatero iye, sakhalitsa kwathu.

Lachisanu la sabata inayo fomu inabwerera kuchokera m'tauni,
kabokosi kaja atakazungulira ndi cholembera chofiira:
sinathe, tumizani nambala.
Ndinaibwezera mu envulopu momwe inalili,
ndinanyambita chivindikiro, ndinaitumizanso.
Mwina amene adzaitsegule ulendo uno
nayenso ali ndi chitseko chimene anasiyako kanthu.

Pano mitambo yadera pamwamba pa miyala yosanjikizana ija,
yomwe akuti sidzagwa.
Ndatseka zenera, ndakiya kabati ya mankhwala.
Mapiritsi a bambo Chapola atsala khumi ndi anayi.
Dontho loyamba lagunda denga la kombi
ndipo ndikudziwa, cha ku Overspill uko,
munthu wina akufufuza nsapato mumdima,
ina yakuda, ina yofiirira.